Tambala wa Amimba

Mvula inagwa masiku anayi osakata, ndipo tsikulo inkangowaza ngati yatopa. Madzi a m'dambo anali atakwera mpaka kubisa mizu ya migwalangwa. Ine ndinali m'madzimo, ndikuponda mitengo ya njira yathu umodziumodzi kuti ndimve ngati wina wasuntha.

Njirayo ndinayala ndine. Mudzi wathu wa Kibiri unali pa kachilumba pakati pa dambo, ulendo wa masiku atatu kuchokera ku minda ya nzimbe ya m'mbali mwa mtsinje wa Kotika, kumene tonsefe tinathawa ukapolo wa Adatchi. Dambolo silinali lowoloka. Matope ake ankameza munthu mpaka m'khosi. Choncho ndinamiza mitengo pansi pa madzi, wina kutsogolo kwa unzake, mokhotakhota, n'kuikhomerera ndi zichiri, kuchokera pachilumba mpaka kumtunda wa kum'mawa. Pamwamba sipankaoneka kanthu. Wodziwa ankadutsa madzi akumulekeza m'mawondo. Wosadziwa ankaponda pambali, osaonekanso. Ntchitoyo inandidyera zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinamva madzi akukhavuka kumbuyo kwanga. Anali a Kwamina, mkulu wa azondi athu, akubwera mofulumira kuchokera kutsidya, mfuti atainyamula pamwamba pa mutu.

"Alamu! Mukusamba kapena mukusaka nkhanu?"

"Ndikuona mitengo."

"Mitengo yanu ili bwinobwino. Ndaiponda ndi chimimba changachi koma sinadandaule. Tulukani m'madzimo. A zipewa zofiira awoloka kamtsinje ka Santi."

A Kwamina sanali a bere limodzi ndi mkazi wanga. Amimba analibe m'bale wotero kuno. Koma awiriwo anabwera ku Surinamu m'sitima imodzi, ndipo pamwambo wathu, obwera m'sitima imodzi ndi munthu ndi mlongo wake. Pamene ndinkafuna kukwatira Amimba ndinakagwada kwa iwowo. Anandiseka mwezi wathunthu asanavomere.

A zipewa zofiira anali akapolo anzathu. Azungu anawalonjeza ufulu, n'kuwapatsa mfuti ndi zipewazo kuti azitisaka. Msilikali wachizungu sitinkamuopa kwenikweni. Amayenda ndi ng'oma ndi nsapato, ndipo umamumva akadali kutali. Koma awa ankadziwa mmene mudzi umamvekera. Sankayendayenda. Ankakwera m'mitengo m'bandakucha n'kutchera khutu. Mtondo, nkhwangwa, galu, mwana. Tambala.

Masana omwewo tinakumana pabwalo, akulu tonse, pafupifupi anthu makumi asanu ndi atatu. Nkhani sinatalike. Pasakhale kusinja, kudula mtengo kapena kuimba ng'oma. Agalu amangidwe pakamwa. Moto ukhale wa nkhuni zouma zokhazokha, ndipo uzimitsidwe chakudya chikangopsa. Makanda asachoke pabere. Atambala onse aphedwe dzuwa lisanalowe.

Ndinabwerera kunyumba.

Panali patatsala masiku asanu ndi anayi kuti ikwane miyezi itatu chimwalirireni Amimba. Anadwala malungo masiku asanu basi. Tinamuika kumanda athu kuseri kwa minda ya mpunga, koma tsitsi lake la pamphumi ndi zikhadabo zake ndinasunga m'kansalu, monga tinkachitira. Ku Kibiri tinali anthu a mitundu yambiri, aliyense ndi mwambo wa kwawo, ndiye tinatola uku ndi uku n'kupanga wathu. Womwalira amakhala nafe miyezi itatu, m'kansalu komweko. Tsiku lomaliza wofedwayo amakumba kadzenje, amaikamo kansaluko, n'kuimika pambali pake tambala woleredwa ndi malemuyo. Tambalayo ayenera kulira dzuwa lisanaoneke pamwamba pa mitengo. Kulirako kumadzutsa abale a womwalirayo kutsidya kwa nyanja, kuti atsegule zitseko, mwana wawo akubwera. Tambalayo akatha kulira amaphedwa, n'kutsagana ndi mwini wake. Popanda tambala munthu amafika kwawo anthu ali mtulo, zitseko zili zotseka, ndipo palibe womulandira. Amangozungulira kunja mpaka kalekale.

Amimba anagwidwa ali ndi zaka khumi. Ankanena kuti nkhope ya amayi ake anaiiwala, koma chitseko cha nyumba yawo ankachikumbukira.

Tambala wake anali mmodzi, wofiira, wa khosi lakuda. Anamulera kuyambira ali kamwanapiye.

Chakumadzulo kunabwera mayi Akuba, amene ankayang'anira nkhokwe ndi ziweto za mudzi. Anali ndi mpeni m'manja, ndipo nsalu yawo inali nthenga ndi magazi okhaokha.

"Odi kuno, bambo Mabiala. Ndabwera kudzatenga mlendo wanu."

"Ayi."

"Ayi wa chiyani? Ndakufunsani funso ngati? Lero ndapha khumi ndi mmodzi. Wanga yemwe ali mumphika."

"Uyu ndi wa Amimba."

Anatsitsa mpeni. Iwowo ndi amene anasambitsa thupi la Amimba.

"Mwini wake ndikumudziwa," anatero. "Mudzam'patse thadzi. Mzimu susuzumira pansi pa mchira."

"Thadzi sililira."

"Ndiye vutolo ndi lomwelo, bambo inu! Kulirako!"

Ndinawatengera kuseri kwa nyumba. Ndinali nditadula dengu la chinangwa pakati kuti likhale lalifupi, n'kumuvundikira nalo tambalayo, pamwamba n'kutsindira mwala. Tambala salira asanasolole khosi. M'dengumo ankatha kudya, kutembenuka ndi kugona, koma osaimika mutu.

Mayi Akuba anagwada, anasuzumira, n'kudzuka atagwira msana.

"Nanga tsiku lachisanu ndi chinayilo? Adzalirira mumtima?"

"Mwina adzakhala atapita."

"Atapita ndani, azipewawo? Anakutumizirani uthenga?" Anapukuta mpeni pansalu. "Tamverani. Ndikangomva ngakhale kutsokomola kwake, ndidzadula makosi awiri, ndipo ndidzayambira lalitalilo."

Masiku otsatira mudzi unangoti zii. Amayi ankachotsa mankhusu a mpunga poupukusa m'manja, pang'onopang'ono, mpaka zikhatho kutupa. Anthu ankaitanana ndi timiyala. Ana oyenda ankawasonkhanitsa m'nyumba imodzi ya pakati, yotchingidwa ndi mphasa, n'kumawapatsa nzimbe kuti pakamwa pasakhale mpata. Mlenje wina galu wake ankalirabe m'mphuno ngakhale anamumanga. Anapita naye kuseri kwa minda, n'kubwerako ndi chingwe chokha. Podutsa panyumba yanga anaima, anayang'ana dengu, kenako ine, n'kumapita.

Masana, mvula ikalimba, ndinkamutulutsa tambala nditamugwira mlomo kuti awongole miyendo. Ndinkamupatsa mpunga ndi chiswe. Kukamacha ndinkakhala pambali pa dengu, dzanja lili pamwala. Masiku atatu oyamba ankalimbana nalo, kugunda ndi mutu, m'khosi mukumveka kamkokomo. Kenako anasiya.

A Kwamina ankadutsa akamachokera kozonda.

"Alamu, akazi anu atsopanowo adzuka bwanji? Mwapezana bwino. Nonse awiri simulankhula."

"Azipewawo ali pati?"

"Akuzungulira. Alipo makumi anayi, kuphatikiza azungu asanu oti aziwakalipira." Anaseka pang'ono, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuchotsa misundu m'miyendo. "Ndaona mmodzi amene tinkadula naye nzimbe. Wanenepa. Chipewa chake n'chaching'ono, changokhala pamwamba ngati lipombo la nkhuku." Anaponya msundu patali. "Mlongo wanga ndinkamukonda, alamu. Koma akanakhalapo, tambalayu akanamupha yekha."

"Akanakhalapo, tambalayu sakanafunika."

Anadzuka n'kumapita.

Tsiku lachisanu azondi anabwera ndi nkhani yakuti adani amanga misasa m'mphepete mwenimweni mwa dambo, chakumadzulo. Mphepo ikanachokera kwathu, ngakhale fungo la nsomba yootcha likanawafika. Sankadziwa kuti tili pati, koma ankadziwa kuti tili pafupi. Akulu a mudzi anandiitana pabwalo.

Anthu anakhala moyandikana kuti azimvana. Woyamba kuimirira anali Yaba, mtsikana amene anatipeza chaka chathacho. Anali ndi khanda la miyezi iwiri pachifuwa.

"Ndilankhuleko ine, akuluakulu. Mwana uyu akayamba kulira ndimamutseka pakamwa ndi nsalu. Dzulo anafika poda milomo. Ndinayesa ndamupha. Ndinathawa naye ali m'mimba, zilonda za chikwapu zisanapole, kuti adzabadwire kuno. Ndiye ine ndizitseka mwana pakamwa, a Mabiala akudyetsa nkhuku chiswe? Wakufa ndi wakufa, bambo. Ife tili moyo."

"Iwe, lankhula bwino ndi akulu," wina anatero.

"Walankhula bwino," ndinatero ine.

Onse anatembenukira kwa ine.

"Ndiye mwavomera?" anafunsa mayi Akuba, dzanja lili kale pampeni.

"Ayi. Ndipita naye ku Weri."

Weri unali mudzi wathu woyamba, pamtunda wouma, ulendo wa tsiku limodzi kumpoto kwa dambo. Tinausiya chifukwa kunali kosavuta kufikako. Nthochi zathu zinkaberekabe kumeneko, ndipo misasa ingapo tinkaikonzabe yogonamo tikapita kokadula.

"Kansalu ndili nako," ndinatero. "Amimba ali mmenemo, sali kumanda. Tambala akakalira ku Weri, awo adzamva mudzi kumpoto. Ndikasonkha moto wa masamba aawisi. Adzatembenuka."

Anthu anayamba kunong'onezana. A Kwamina anapukusa mutu.

"Nzeruyo ndi yabwino. Nanga akakugwirani? Njira ya m'madzi ili m'mapazi mwanu, mtengo uliwonse."

"Sindidzalankhula."

"Zoti simulankhula tikuzidziwa, mlongo wanga anadandaula zaka khumi ndi ziwiri. Koma ine ku Kotika ndinaona munthu wolimba kuposa inu atamukoleka ndi mbedza m'nthiti. Tsiku lachiwiri anatchula mayina onse, ndi la agogo ake lomwe. Sindikukunyozani, alamu. Thupi ndi thupi."

Zinali zoona.

"Tizule njirayo," ndinatero.

"Mukuti chiyani?"

"Pakati pokha, pozama. Mitengo makumi atatu. Ndikamawoloka, izizulidwa kumbuyo kwanga. Akandikakamiza kuwatsogolera, ndidzawafikitsa pamatope."

Kenako mayi Akuba anachotsa dzanja pampeni.

"Chakudya chilipo cha miyezi iwiri, tikamadya ngati anthu, osati ngati a Kwamina. Madzi akaphwa amuna adzayala njira ina, mbali ina." Anandiyang'anitsitsa. "Koma imeneyo inu simudzaidziwa, bambo Mabiala. Mudzabwerera bwanji?"

"Mukadzandifuna mudzandipeza."

"Tikapanda kukupezani?"



Kuomba m'manja kunali koletsedwa, ndiye aliyense wovomera anatola tsamba n'kukaliika pakati pa bwalo. Mulu unakula. Mlenje uja anaika lake. Yaba anaika pomalizira, osandiyang'ana.

Masiku awiri otsatira tinkamasula zichiri. Nkhwangwa sitikanaigwira. Tinkamira, kumanga luzi pa chichiri, n'kuchigwedeza uku ndi uku mpaka matope atachilavula. Ndinkadziwa chilichonse, chimene chinali cha mtengo wanji ndi chaka chimene ndinachikhoma. Ndinazikhoma kuti zisadzazuke, ndipo zinandimvera. Zikhadabo zanga ziwiri zinatsala momwemo. Mitengo yeniyeniyo tinaisiya ili m'malo, uliwonse titaumanga ndi chingwe chake chachitali.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu kunali nkhungu. Mayi Akuba anandibweretsera mikate ya chinangwa ndi nsomba zouma zokulunga m'masamba, kachikho ka mowa, ndi mwala woyatsira moto.

"Mowawo si wanu, ndi wa Amimba," anatero. "Mukamuuze kuti akafika akapereke moni kwa amayi anga, ngati midzi yathu ili yoyandikana."

"Ndikanena."

"Mukanene ndi pakamwa, bambo, osati ndi mutu."

Ndinasenza dengu la tambala, kansalu nditakamangirira m'khosi, chikwanje m'chiuno. A Kwamina ndi amuna anayi ananditsatira mpaka pozama. Pamenepo iwo anaima. Ine ndinkati ndikapita pa mtengo wotsatira, ndimatembenuka, n'kutukula ndi phazi umene ndausiyawo, iwo n'kuukokera kwawo.

Woyamba utachoka a Kwamina anati, "Alamu, mpata ukadalipo. Ndi kudumpha kumodzi. Tambalayo tidyera limodzi, ntchafu zonse ziwiri zanu."

"Kokani."

Anakoka. Madzi pakati pathu anakula.

"Mukakhala nokha kumeneko muzidzifunsa mafunso," anatero pa mtengo wachisanu, "mungaiwale chinenero. Tikadzakupezani mukulira ngati nyani sitidzakutengani."

Pofika wakhumi, mawu awo onong'ona sankandifikanso. Ndinkangoona milomo ikuyenda. Kenako milomoyo inasiya. Ananyamula mfuti yawo ndi manja awiri pamwamba pa mutu, ngakhale madzi sanali owafika pachifuwa, ndipo anakhala choncho mpaka nkhungu inawabisa. Zingwe zinapitiriza kukoka. Mtengo wa makumi atatu unachoka pansi pa phazi langa ndisakuonanso munthu.

Ndinayenda tsiku lonse, kulambalala dambo cha kum'mawa kenako kumpoto. Ndinkaponda pamizu ndi pamiyala kuti pasatsale mapazi olozera kumene ndachokera. Mitsinje iwiri ndinayenda m'kati mwake. Tambala sanavute. Ndikaima kuti ndimumwetse madzi ankangondiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndinafika ku Weri dzuwa litapendeka. Udzu unali utalowa m'bwalo, koma misasa inayi inali chiimire. Ndinazula udzuwo, ndinasesa. Ndinadula mikoko itatu ya nthochi kuti zitsa zioneke zaziwisi. Ndinapondaponda matope a pachitsime, kutsika ndi kukwera, pena ndi mapazi onse, pena ndi zala zokha ngati mwana. Ndinaunjika masamba aawisi pamalo atatu, nkhuni zouma zili pansi pake. Pomaliza ndinapita pamene panali nyumba yathu yoyamba. Nyumbayo inali itagwa kalekale, koma mtengo wa mandimu umene Amimba anadzala unali utakula kuposa msasa. Ndinakumba kadzenje m'tsinde mwake.

Kum'mawa kutayamba kufiira ndinayatsa miulu itatu ija. Utsi unakwera woyera, wochindikala. Ndinamasula kansalu m'khosi n'kukaika m'dzenje. Ndinamanga tambala mwendo ndi luzi, ndinamuimika pachitsa, dengu ndinaliponya pambali.

Sanalire.

Anaima khosi lili chipindire, ngati dengu likadali pamwamba pake. Ndinaliwongola ndi zala. Ndikasiya linkabwerera. Ndinamuwaza madzi, anangodzikutumula. Ndinamuponyera mpunga, anadya ali chiweramire. Ndinamukweza padenga la msasa woyandikana ndi mtengowo, kuti aone kuwala. Anayang'ana pansi, pamene panagwera dengu.

Mbalame za m'nkhalango zinali zitayamba kale. Nsonga za mitengo italiitali zinayamba kuwala. Ndinaganiza za mitengo makumi atatu ija, ndi anthu amene anatsekeredwa pachilumba chifukwa cha mawu anga. Ndinayang'ana kansalu m'dzenje. Kukhala chete ndinamuphunzitsa ndine, ndipo anaphunzira bwino.

Tambala amayankha mnzake. Koma ku Weri kunalibe mnzake, ndipo kudambo konse kunalibe. Mayi Akuba sanasiye ngakhale mmodzi.

Ndinapita kuseri kwa msasa kuti asandione. Ndinaika manja kukamwa. Mawu oyamba anatuluka ngati a mbuzi yodwala chifuwa, pakuti nanenso ndinali nditanong'ona masiku asanu ndi atatu. Ndinameza malovu, ndinasolola khosi, n'kulira ndi mphamvu zanga zonse. Nkhalango inabweza mawuwo. Padenga panali zii. Ndinalira kachitatu, mpaka m'khosi munawawa.

Ndinamva mapiko akuomba.

Kulira kwake koyamba kunali kosasa, ndipo kunathera panjira. Ndinamuyankha. Analiranso, tsopano mpaka kumapeto. Ndinasuzumira ndipo ndinamuona ataima panthiti ya denga, chifuwa kutsogolo, khosi lakuda lija lonse lili m'mwamba. Tinayankhana kasanu ndi kawiri, iye ndi ine. Dzuwa linali lisanaoneke.

Kutali, kumwera chakumadzulo, kunalira lipenga. Lina linayankha chapafupi. Adani aja anali kuitana anthu awo kuti atsike m'mitengo. Anali atamva zimene ankafuna.

Ndinakoka luzi pang'onopang'ono n'kumutsitsa. Anali wofunda, mtima ukugunda m'dzanja langa. Ndinagwada padzenje, ndinamudula, magazi ake anagwera pakansalu.

"Amimba," ndinatero, "nayu wako. Kwanu adzuka. Pita. Mayi Akuba akuti ukapereke moni kwa amayi awo. A Kwamina sananene kanthu, koma ukuwadziwa."

Ndinathira mowa wonse. Ndinamugoneka tambalayo pambali pa kansalu, ndinakwirira, ndinapondaponda. Kenako ndinakoka mulu umodzi wa moto n'kuusunthira pamwamba pake, kuti phulusa libise dothi lofukulidwa.

A zipewa zofiira akanafika dzuwa lili paliwombo. Akanapeza mudzi wopanda anthu ndi mapazi othera pachitsime, akanadziwa kuti wina wawaseweretsa, ndipo akanabwerera kudambo. Ankafunika kupeza mudzi umene wangothawa kumene, ndi kumene wathawira.

Ndinatola chikwanje, n'kuyamba kutema njira yaikulu yolowera kumpoto.